Boma Laodira pa Chitunda Chanu

Kwa Mlolo,
Nsanje.

Okondedwa achimwene a Frazer,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Mzuzuko, pamodzi ndi alamu anga a Dyna ndi ana. Kuno tili bwino, kupatula dzuwa lomwe likutiwotcha ngati tinalilakwira. Amayi aliponso, bondo lija ndi lomwe limawakumbutsa zaka zawo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni muli nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa: ndikangotchula za munda, netiweki yanu imathawa.

Mwezi wathawu kusukulu yathu ija kunafika uthenga woti kukubwera munthu wa boma kudzaona ngati tikuyenera kumangiridwa makalasi atsopano. Mmene ilili sukuluyo munaona nokha. Chichokereni madzi a namondwe wa Freddy, makoma ali ndi mzere wa matope wofika pachifuwa, madesiki anapita ku Mozambiki osatsanzika, ndipo ana a Sitandade 1 ndi 2 amaphunzirira pansi pa mtengo wa nimu.

Bambo aang'ono a Kalioti, omwe pano ndi wapampando wa komiti ya sukulu, anachita zomwe munthu aliyense woleredwa bwino kwathu kuno amachita akamva za mlendo. Anati boma lisatipeze ngati anthu opanda eni. Makoma anapakidwa laimu, ndi miyala ya m'mbali mwa njira yomwe. Mabenchi anakabwerekedwa kutchalitchi. Ana opanda yunifolomu anauzidwa kuti tsikulo akathandize makolo kudimba, ndipo apansi pa mtengo aja anapatsidwa holide. Sukulu inawala moti ine ndemwe ndinalakalaka kubwereza Sitandade 8. Kunena mosabisa, tinakonzeka ndi mtima wonse kuti tisapatsidwe kanthu.

Amene anabwera ndi mayi Clotilda, injiniya, aang'ono kwa ine. Anafika pa njinga ya kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Ana anaimba, a Kalioti anayankhula, ndipo nkhuku inali itataya kale moyo chifukwa cha ulendowu. Mayiwo anamvetsera zonse mwaulemu, kenako anapempha kuti azungulire okha.

Achimwene, ine boma ndakhala ndikulijeda kuyambira ndili ku koleji, ndipo silinandisowetsepo chonena. Koma tsiku limenelo ndinasowa pogwira. Mayiwo anatulutsa kiyi m'thumba n'kukanda khoma, matope aja n'kutulukira. Anagwada, anasuzumira kunsi kwa benchi, n'kuwerenga mokweza kuti ndi mphatso ya amayi a Mvano. Atafika pansi pa nimu anayang'ana pomwe ana anasalaza dothi ndi kukhalapo, n'kufunsa kuti eni ake malowa ali kuti.

A Kalioti anayankha kuti kwagwa chikuku.

Mayiwo anangoseka, n'kuwatembenukira m'Chisena cha pansi penipeni. Akuti nawonso ngakonkuno, kwawo ndi kwa Tengani, ndipo amayi awo nawo amabisa mphasa zong'ambika kukamabwera alendo. Koma amvekere, wodwala mwamuveka suti, nanga jakisoni ndibaye pati? Anapempha kuti mabenchi abwerere kwa Mulungu ndipo ana onse akaitanidwe, opanda nsapato omwe. Anawawerenga okha mmodzimmodzi padzuwa lija, a Kalioti akupukuta thukuta ndi chipewa. Nkhuku ija anadya ntchito itatha, ndipo anayamikira ophika.

Sabata yathayi anabweranso ndi yankho. Tapatsidwa makalasi, zimbudzi za atsikana ndi chipinda cha mabuku. Koma akuti maziko a m'dambo muja muli sukulu yathu sangawavomereze, chifukwa sanaphunzire zomangira ng'ona sukulu. Anayenda mudzi wonse wapansi kufunafuna malo okwera, mpaka anakaima pa chitunda chomwe malemu bambo anakusiyirani, pomwe amayi amalima mapira.

Musapinde kalatayi, werengani mumalize.

A Kalioti anafulumira kunena kuti Frazer ndi mwana wawo, asainira iwo basi. Mayiwo anati nkhabe. Akuti aonapo sukulu zikuima ndi milandu ya malo denga litafoleredwa kale. Mwini wake anene yekha ndi pakamwa pake, ndipo akakana, wina asadzamuloze chala pamaliro kapena pamsika. Inu munayamba mwamvapo boma likuodira pakhomo la munthu?

Chomwe sanabise ndi nthawi. Mvula ikangoyamba msewu wathu umaduka, malole a simenti sangadutse, ndipo makalasiwo apita kusukulu ina yomwe malo ili nawo kale. Zoterozo zilipo zambiri, akuti, ndipo ana akenso ndi a boma lomweli. Nambala ya mayi Clotilda ndalemba kuseri kwa pepalali.

Ine sindikunamizani. Ndikudziwa kuti pachitundapo ndi pomwe mumafuna kudzamanga mukapuma pantchito, ndipo m'banja mwathu ndi pokhapo pomwe madzi sanapondepo. Malo omwe komiti ikulonjeza kukupatsani m'malo mwake ndakawaona: ndi abwino kwa munthu wodziwa kusambira. Mukapereka, mwataya chinthu chenicheni, ndipo palibe amene adzakubwezereni chofanana nacho.

Komabe ndikupempha, achimwene, perekani. Munthu wogwira ntchito chonchi sabwera kawiri pamudzi umodzi. Ndiponso madzi akadzabweranso, mudzi wonse udzathawira m'makalasi momwemo, amayi omwe, m'malo mogona pamtengo kudikira bwato.

Amayi athu sananene mbali yomwe ali. Koma mpaka lero pachitundapo sanasosepo. Mbewu ya mapira ikadali mumphika. Nditawafunsa anati sangabzale m'munda womwe mwina ndi wa ana asukulu, komanso sangapereke munda womwe ndi wanu. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha kumapiri a Thyolo. Mukavomera tikhala ndi sukulu, mukakana tikhala ndi mapira. Mukangokhala chete, tisowa zonse ziwiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Praise ndi kwa Leah. Amayi akuti anawo akuwasowa. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mtima wokhazikika pamene mukuganiza.

Ndine mng'ono wanu,
Rodney