Opena Yasowa

Lolemba, 2 Juni
Lero ndaona malodza. Ndikutsuka matambula ku bala, kwalowa atelala ndi amayi ena onenepa. Akuti ndi a gulu la osiya mowa, amakumana kuseri kwa shopu ya atelala. Pempho lawo: mnzawo wa m'gululo, a kalipentala, akadzangolowa muno, ndidzawaimbire foni msanga. Ine? Wogulitsa mowa ndiye alondere chidakwa? Ndaseka mpaka misozi. Nambala ndalandirabe.

Lachinayi, 5 Juni
A kalipentala adutsa panja, shati yosita, nkhope kumbali ngati tinayambana. Kasitomala wanga wa zaka zonsezi! Koma anenepako, abale.

Loweruka, 7 Juni
Ndakumana ndi amayi onenepa aja kogula sopo. Akuti Lachiwiri a kalipentala akulandiranso mwana wawo. Kamtsikana kaja alamu awo anakatenga mayi ake atamwalira, poti bambo ankagona m'ngalande. Panopa akapangira kale bedi, ati mpaka penti. Zandikhudza, sindinama.

Lachiwiri, 10 Juni
Alamu sanabwere naye mwana. Angotumiza mawu oti chidakwa sichisiya, chimangopuma. Anthu ena pakamwa!

Lachitatu, 11 Juni
Masana, bala ili mbee, bwana atatuluka. Nditadzutsa mutu, ndi a kalipentala awa pa kauntala, utuchi m'tsitsi, maso ali psuu.

"Chemwali, imodzi yozizira."

Mtima unangoti phaa. Kukana sindingathe, ntchito ndi ya eni. Ndinaika botolo patsogolo pawo, opena ndaponya m'thumba la epuloni. Ndinati, "Pepani achimwene, opena yasowa, ndikayang'ane kuseri." Kuseriko ndinaimba foni. Atelala anangoti, "Achedwetseni, tikubwera."

Ndiye ine busy yabodza. Kutsegula madirowa, kusuntha makireti, kutukwana mnzanga wa shifiti ya m'mawa wosalakwa. Zonsezi ndikudziwa kuti bambo awa mabotolo amatsegula ndi mano, opena sanayambe aifunapo.

Anagwira botolo. Kulitembenuza. Kulipukuta thukuta ndi chala. Kenako anandiyang'ana, maso anatsikira pa thumba la epuloni pamene panatumphuka.

"Funani bwinobwino, chemwali," anatero chapansipansi. "Musafulumire. Ndidikira."

Ndinagwada kuseri kwa kauntala ngati ndikufunabe, misozi ili chuchuchu. Ndinadzuka nditamva atelala akulowa ali wefuwefu, tepi yoyezera ikadali m'khosi.