Batani la m'khosi mwa bambo

Aphungu,

Mtima wanga suli m'malo. Bambo anga anadwala sitiroko, koma anakanitsitsa kuchoka m'nyumba mwawo. Amakhala okha, pomwe ine ndimasoka zovala kutsidya lina la tauni.

Mlongo wanga wamng'ono amakonza zamagetsi. Iye anawapangira kachipangizo kovala m'khosi, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Akadina batani, kamatumiza chizindikiro popanda waya ku kabokosi kena kali pamwamba pa kabati, kenako uthenga umafika pa mafoni athu. Pulogalamu yoyendetsa kachipangizoka sanagule. Akuti inalembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuiwerenga ndi kuisintha. Kuti batire lisathe msanga, kachipangizoka kamakhala kali mtulo, kamadzuka pokhapokha kakadinidwa.

Poyamba uthenga ukangolowa tinkaliyatsa liwiro. Tsiku lina ndinasiya kasitomala tepi ili m'chiuno, kukafika ndinapeza bambo ali phee pampando. Amvekere, "Ndimafuna ndione ngati kakugwirabe ntchito. Poti wabwera, khala pansi." Zimenezi zinachitika kangapo, mpaka mlongo wanga anatopa nazo. Anatsegula pulogalamu ija n'kuisintha kuti uthenga uzipita pokhapokha batani likakanikizidwa kwa nthawi yaitali osasiya. Bambo sanauzidwe. Ine anandiuza akuseka, akuti, "Achemwali, musadandaule. Munthu akagwa zenizeni amafinya mwamphamvu."

Aphungu, dzanja lamanja la bambo silitha kugwira supuni, lamanzere limanjenjemera. Afinya ndi chiyani? Chisinthireni, foni yanga ili zii, ndipo chete ameneyu ndi amene akundiopsa. Sindidziwa ngati ali bwino kapena ali gone m'bafa. Dzulo ndinasoka mkono wa malaya mozondotsa chifukwa maso anali pa foni. Ndikawauza zoona, asweka mtima ndipo mwana wawo sadzamukhululukira. Ndikakhala chete, ndikuopa kudzawapeza atazizira. Kodi pulogalamu yoti aliyense angaisinthe ndi yoikizako moyo wa munthu?

M.T., kuseri kwa depoti ya mabasi


Mayi M.T.,

Mantha anuwo ndi oyenera, musawanyalanyaze. Koma pulogalamuyo musaipatse mlandu. Anthu amene anailemba sanauze mlongo wanu kuti atseke bambo ake pakamwa. Ubwino wa pulogalamu yotseguka ndi womwewo: chimene iye anasintha angathe kuchibwezeretsa yekha, osapempha chilolezo kwa kampani iliyonse. Akachite zimenezo inu mulipo, osati zouzana pafoni.

Akatha, bambo adine okha ndi dzanja lonjenjemeralo, ali m'bafa, chitseko chili chotseka, inu muone ngati uthenga ukufika. Makoma amatchinga chizindikiro, ndipo si bwino kudzadziwa zimenezi tsiku la ngozi. Mumuuzenso mlongo wanuyo akonze kuti kachipangizoka kazidzuka kokha m'mawa uliwonse n'kutumiza mawu oti kakugwira ntchito ndiponso batire latsala motani. Kachipangizo kogona ndi kakufa zonse zimakhala chete, ndiye inu muyenera kukhala ndi njira yosiyanitsira. Batire likatha msanga chifukwa cha zimenezi, lithe, muikamo lina. Kiyi wina wa nyumbayo musiyire woyandikana nawo amene mumamukhulupirira, poti inu muli kutali.

Tsopano mverani izi. Bambo anu sankayesa kachipangizo ayi, ankasowa munthu wocheza naye. Gawanani masiku owayendera, mlongo wanuyo akhalenso ndi ake. Mkulu wodziwa kuti mawa kubwera mwana sakhalira kuseweretsa batani.

Zowauza zoona, auzeni, ndipo wopepesa akhale mwini wake wasinthayo. Akalipa, inde, mwina osakulankhulani kwa kanthawi. Kukalipa kwa kholo kumatha.

Chenjezo langa n'lakuti musadikire kuti mumalize kaye zosoka za anthu. Tsekani shopu mupite lero. N'kutheka kuti bambo akhala akudina masiku onsewa, ndipo iwo sakudziwa kuti uthenga sukuchoka m'nyumbamo. Chimene akudziwa n'choti akuitana ana awo, ana awo sakubwera.

Aphungu