Nthanga za maungu anu m'dothi la ku Ilford

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira, ndipo ndikamaweruka kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kumakhala kutada kale. Akamwini anu akuyendetsabe basi, ngakhale bondo lija likuwavuta. Mdzukulu wanu Tadala wayamba sekondale. Watalika kundiposa. Chichewa amamva chonse, makamaka tikamanena za iye, koma kuyankha amayankha m'Chizungu. Ku Lilongwe, akazi a mchimwene wanga Yohane anachira mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Ndamuona pa foni pokha. Mphumi ndi yanu ndithu.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani ya maungu anu. Yandisokoneza mutu, ndipo amene akanandimasulira ndinu.

Mukukumbukira ulendo wanga womaliza muli moyo, pamene munanditsanulira nthanga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa? Zinali za maungu anu amawangamawanga aja, aufa, amene munkati munachoka nawo kwa amayi anu pokwatiwa. Ine ndinaseka, ndinati ku London ndikadzala pati poti timakhala m'fulati ya pamwamba. Inu munangoti, "Tenga, mbewu siilemera." Kabotoloko kanakhala m'kabati mpaka tinakuikani m'manda. Patangopita miyezi yochepa, kalata inabwera yoti andipatsa kamunda kamene ndinalembetsa kalekale kukanselo. Kuno amati alotimenti: munda umodzi waukulu wodulidwa timinda ting'onoting'ono, aliyense kake. Uli pakamtunda, kumpoto kwa Ilford, basi imodzi kuchokera kumene tikukhala. Kanga n'kochepa kuposa bwalo la nyumba yanu.

Tsiku loyamba ndinachita zomwe munandiphunzitsa. Ndinatapa dothi, ndinalinyowetsa pang'ono, n'kulifumbata. M'zala munkamveka mchenga. Linaumbika kampira, koma nditakakhudza ndi chala kanaphwasuka. Ndinati basi, uwu ndi mchenga wa chonde, wonga wa kumunda kwanu kwa kuseri kwa tchalitchi, kumene mvula inkati ikagwa m'mawa, masana tikupalira. Komanso ndi pamtunda, ndipo inu munkati madzi sagona pamtunda. Mu Epulo ndinadzala nthanga khumi ndi zisanu pansi pomwepo, osaunda mizere.

Masabata atatu anatha, palibe chinatuluka. Nditafukula ndinapeza nthanga zitafewa, zikununkha. Pamwamba dothi linali louma moti limauluka ndi mphepo, koma kungolowetsa dzanja, pansi panali pozizira, ponyowa ngati m'dambo. Kenaka mu Julayi dothi lomwelo linauma mpaka repu wanga ankafota dzuwa likafika pamutu. Ndinkaima n'kumaliyang'ana. Kodi ndi mchenga kapena ndi lowe? Kwathu malo amasankha chimodzi.

Ndinaimbira achemwali a Rozina kuti anditumizireko nthanga zina. Poyamba anazungulirazungulira. Kenaka anandiuza. Pamaliro anu, amayi ophika anapeza chitini cha nthanga m'khitchini mwanu, ndipo poona kuti nsinjiro zatha, anazikazinga n'kusinjira m'ndiwo. Palibe anadziwa mpaka nthawi yodzala itakwana. Achemwali anayenda m'mudzi monse, koma maungu a anthu ena ndi a mtundu wina. Ankachita manyazi kundiuza. Anati, "Ndiye zomwe zatsala ndi zomwe zili ndi iwezo." Amayi, ine nanenso ndinadya nawo ndiwo zimenezo. M'kabotolo munali mutatsala nthanga zisanu ndi zitatu.

Woyandikana nane kumundako ndi bambo wina wachikulire, mzungu, dzina lawo a Dennis. Asanapume ankagwira ntchito yoyeza dothi kumene akufuna kumanga misewu. Tsiku lina mu Novembala anandipeza nditaima m'matope, mabuti atamira, ndipo anati, "Mayi, mukukangana ndi dothi la pamwamba, pamene mwini nkhani ali pansi. Bweretsani fosholo."

Tinakumba dzenje pakona. Poyamba panali dothi loderapo, lofewa, lija ndinkalidziwa. Titafika kuya kwa chigongono linasintha, linayamba kutuwa ngati phulusa, lili ndi mawanga ofiira ngati dzimbiri la padenga. Titapitirira pang'ono fosholo inayamba kukana. Pansipo panali pothinana, polimba ngati pansi pa nyumba pozira bwino. Ndiye miyala yake, Amayi. Munali nsangalabwi zosalala ngati za mumtsinje, pamene mtsinje kulibe. Munali ina yakuthwa, yonyezimira ngati galasi ikasweka, ina yoyera yoti n'kulembera pabolodi, yaikulu ndi yaing'ono, yonse pamodzi. Kwathu miyala ya m'munda umodzi imafanana ngati ana a mimba imodzi. Iyi inali ngati anthu a padepoti.

A Dennis anati mawangawo ndi chizindikiro cha pamene madzi amafika. Mvula imalowa mumchenga msanga, monga ndinkaganizira, koma ikafika polimba paja imasowa kolowera, ndiye imakhala pamenepo nyengo yonse yozizira ngati muli beseni lokwiriridwa. Dothi likasowa mpweya limatuwa, madzi akaphwa limachita dzimbiri. N'chifukwa chake limachedwa kufunda, n'kumaoletsa mbewu yodzala msanga. Koma dzuwa likabwera, la pamwamba limauma msanga poti ndi mchenga, ndipo mizu imalephera kuboola polimbapo kuti itsate chinyontho. Anati tisiye dzenjelo losakwirira. M'mawa mwake ndinapeza madzi atadzaza theka, kusanagwe mvula.

Ndinawafunsa kuti nanga chinalisakaniza chonchi n'chiyani.

"Ayezi," anatero.

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Anabwereza. Akuti kalekale, anthu asanayambe kukumbukira, dziko lino linakutidwa ndi ayezi, yemweyu wa mufiriji, koma wokhuthala kuposa nyumba zosanjikizana za m'tauni. Ankayenda pang'onopang'ono kuchokera kumpoto, akupala mapiri, akupera miyala, akunyamula mchenga ndi dongo la kumadera osiyanasiyana, akutsendera zonse ndi kulemera kwake. Anathera cha konkuno, n'kusungunuka, n'kusiya katundu wake pomwe ndaima ine ndi mabuti anga. Ndinavomera mwaulemu monga timachitira ndi akuluakulu. Madzulo ndinafunsa Tadala, ndikuyembekeza kuti aseka. Iye anati anaphunzira kale kusukulu, n'kubwerera pafoni yake.

Mpaka lero sizinakhazikike m'mutu mwanga. Inu munkati dothi ndi mwana wa thanthwe lomwe lili pansi pake, n'chifukwa chake katondo wa kwathu ndi wofiira ngati miyala ya m'phiri. Nanga ili ndi mwana wa ndani? Ndikamasambitsa okalamba kuntchito ndimapezeka ndikuganiza za ayezi woyenda, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndikudwala.

Chaka chino sindinathamange. A Dennis anati ndikhome mabokosi a matabwa n'kuthiramo dothi logula, monga amachitira anzathu. Ine ndinakumbukira dimba lanu, momwe munkakwezera mitumbira kuti mbatata isamire. Khasu ndinalipeza m'golosale ina ya Aafirika ku Tottenham, tikuchokera kutchalitchi. Ndinaunda mitumbira itatu yofika m'mawondo, ndinathira manyowa. Anthu ankaima n'kumayang'ana, ndipo mayi wina wa m'komiti yoyang'anira mundawo anandifunsa ngati ndakwirira chinachake. Akamwini anu anakumba ngalande kuti madzi azichoka, koma madziwo anangodzaza m'ngalandemo n'kukhala. Anasiya fosholo n'kunena kuti dothi limeneli ndi lamakani ngati akuchikazi kwawo. Mundikhululukire, ndinaseka.

Nthanga zisanu ndi zitatu zija ndinazifesa m'tizikho ta yogati pawindo la kukhitchini. Zinamera zisanu. Ndinadikira mpaka kumapeto kwa Meyi kuti ndiwokere. Ziwiri zinadyedwa ndi nkhono zopanda chigoba, zomwe kuno zimakonda malo onyowa. Imodzi inachita chikasu mvula itagwa sabata yathunthu, ndipo sindikudziwa ngati inafa ndi madzi kapena ndi manyowa amene ndinachulutsa chifukwa cha mantha. Ziwiri zinagwira. Pofika Julayi, ine yemwe uja ndinkathawa madzi ndinali kunyamula keni tsiku ndi tsiku, kuthirira mitumbira yomwe ndinaikweza kuti iume. Mukanandiona mukanati ndapenga.

Zinayanga, Amayi. Zinadutsa malire mpaka m'kamunda ka a Dennis, iwo osadandaula. Nkhwani woyamba ndinachita mantha kuthyola, koma mtima unakanika. Tadala anasenda nawo mapesi, akudandaula kuti akumubaya, kenaka anadya mbale ziwiri.

Maungu anabala atatu. Lalikulu kwambiri linagona pansi, m'munsi mwa mtumbira, ndipo nditalinyamula mu Seputembala dzanja langa linalowa m'kati, linali litaola ndi chinyontho. Awiri enawo ndinawaika pa matabwa. Loweruka lapitali ndinadula limodzi. Kunja ndi lanu ndithu, mawanga ake omwe aja. Koma nditaphika linali lamadzimadzi, lopanda ufa uja unkatitsamwa tikamadya mothamanga. Kaya ndi dothi, kaya ndi dzuwa lochepa, kaya ndi lilime langa lomwe lasintha, sindikudziwa. Nthanga zambiri zinali mphwephwa, zopanda kanthu m'kati. Zokhwima ndaziyanika pa nyuzipepala, zokwana dzanja limodzi.

Ndinatengera a Dennis chidutswa chophika, ndipo ndinawauza kuti nthangazo zikupita kwathu. Anadya, anayamika, kenaka analoza timinda ta anthu ena, momwe muli maungu achizungu aatali ooneka ngati chikho. Anati njuchi zomwe zinkatera pa chiluwe changa zinkachokera kumeneko. Dzungu la chaka chino limatengera make, koma nthanga zake zikhoza kukhala zosakanizika, ndipo sizidziwika mpaka zitadzalidwa n'kubala.

"Ndiye ndi za amayi anga kapena ayi?" ndinawafunsa.

"Zina mwina, zina mwina ayi. Poyang'ana simungadziwe."

Ndakhala masiku atatu ndikuzitembenuza pa nyuzipepalapo ngati kuti zindiuza. Mvula ili pafupi kwathu, ndipo achemwali akonza kale malo pachulu paja munkakonda kudzala. Mnzathu wina wa kutchalitchi anyamuka sabata yamawa, wavomera kunditengera kaphukusi. Ndinaganiza zongotumiza osanena kanthu, poti achemwali avutika nazo mumtima mokwanira. Koma ndinu amene munkati mbewu yonamizira imakuyalutsa pokolola. Ndawauza zonse dzulo. Za ayezi sanamve n'komwe, anangoti, "Tumiza, tiona zikamera."

Ndiye ndagawa pawiri. Theka likupita, theka likutsala m'kabotolo kuti ndiyesenso chaka chamawa, ndipo a Dennis ati andiphunzitsa kumanga maluwa kuti njuchi zisalowemo. Mukaona dzungu lachilendo likuyanga pachulu panu, Amayi, musaipidwe nalo. Ndi lanu lomwe, kungoti linadzera kuno.

Ndikulonjeza kuti pokolola ndidzabwera ine mwini, ndi Tadala, tidzalidule pakhonde panu, tidzasesenso pamanda.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Aginesi