Mchere pamsewu, makiyi m'chikwama

Govanhill, Glasgow
19 Januwale

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji ku Lunzuko? Shuga uja akumvera mankhwala? Nanga Amayi, msana waleka? Ine kuno ndili bwino, kupatula chisanu chomwe chikulowa mpaka m'mano, ndi mdima umene ukumagwa folo koloko ngati wina wazimitsa dala. Kalatayi akuwerengereni mlongo wanga Tonny, koma awerenge yonse, asadumphe ndime monga amachitira.

Pafoni timangofunsana za mvula ndi feteleza mpaka mayunitsi kutha, ndiye nkhani iyi ndati ndilembe. Ndi ya galimoto, ndipo munthu amene anayendetsa lole zaka makumi atatu pakati pa Beira ndi Blantyre ndiye angaimve bwino.

Ndiyambe ndi mchere. Bambo, kuno mchere amathira pamsewu. Sindikunena wotayika m'matumba obooka ngati uja tinkasesa m'lole mwanu. Boma lili ndi malole achikasu, ntchito yake kuwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo ena anawapatsa maina ngati ng'ombe za pangolo. Tsiku loyamba kuona ndinaima pasiteji ya basi kukamwa kuli yasa, mchere ukundimenya m'miyendo, ndikuganiza za Amayi akukalipira mwana wotaya kasupuni kamodzi. Inu mukudziwa zimene mchere unkachita pansi pa lole. Anthu a galimoto zodula kuno amauopa kuposa akuba.

Agogo amene ndimawasamalira ku Shawlands ndi a Norman, a zaka 79, akazi awo anamwalira. Kale ankakonza injini za sitima zapamadzi. Ali ndi galimoto yothamanga ya ku Germany, yobiriwira, msinkhu wake wolekeza m'chiuno mwangamu. Injini ili kumbuyo, buti kutsogolo. Akuti mphamvu yake ikulingana ndi ya lole yanu ija, koma mipando ndi iwiri basi. Nditawafunsa kuti mphamvu yonseyo imanyamula chiyani, anati imanyamula nkhalamba imodzi ndi chipewa chake.

Chaka chilichonse Novembala akafika amaigoneka mpaka Epulo. Kwathu galimoto ikaima miyezi isanu ndiye kuti yafa, nkhuku zayamba kuikiramo. Kuno amagoneka yamoyo. Ndinaona ndekha nyengo yachisanu yapitayo. Anaitsuka, anaipukuta ndi nsalu yofewa kuposa thaulo langa, anadzaza thanki, matayala anapopa mopitirira pang'ono kuti asaphwatalale pansi. Ekizozi anatseka kuti makoswe asamangemo banja, ndipo batire analumikiza ku magetsi ndi kawaya ngati wodwala wa padiripi. Pomaliza bulangeti. Mpaka boma analidziwitsa kuti galimoto yagona. Ine ndinaima pakhomo la galaja manja kumbuyo, kusowa ngati ndiseke kapena nditseke ndi pemphero.

Chisanu chino zinavuta. Dokotala wa maso anawauza kuti pakadali pano akuonabe mokwanira mwalamulo, makamaka masana, koma maso akutha, ndipo akadzawayezanso mu Malichi asadzadabwe kulandidwa laisensi. A Norman anawerenga miyezi pa zala. Akaigoneka mpaka Epulo, idzadzuka mwini wake atasiya kale kuyendetsa. Anati chaka chino galimoto sigona.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Joanna, ndipo amakhala kutali ku Aberdeen. Anabwera n'kukana kwamtuwagalu. Anati mchere udya chitsulo, dzimbiri likalowa galimoto sidzagulika, komanso matayala ake ndi a nyengo yotentha, pachisanu amauma ngati pulasitiki. Zonsezo n'zoona. Koma ndinaona kuti akamanena za chitsulo, maso ake ankakhala pa bambo ake, osati pagalimoto. Anaifunditsa yekha bulangeti. Ponyamuka anandikokera kukhitchini n'kundipatsa makiyi kuti ndisunge, poti ogula angabwere kudzaiona iye kulibe. Anati mwini wake akafunsa ndizinena kuti makiyi ali ku Aberdeen.

Masabata asanu ndinayenda nawo m'chikwama. M'mawa uliwonse ndikawapatsa mapiritsi, a Norman ankapempha kuti ndiwaperekeze kugalaja. Ankavundukula bulangeti mbali imodzi, kuika dzanja padenga, kuima pang'ono, n'kubwezeretsa. Sanakalipe ngakhale kamodzi. Tsiku lina ndikupachika chikwama anangoti maso awo akutha koma makutu ndi atsopano, ndipo n'zodabwitsa kuti makiyi amene ali ku Aberdeen akulirira m'khonde la ku Shawlands. Kenako anapempha tiyi.

Ndinachita manyazi kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Ndinachitanso mantha, chifukwa Joanna ndiye anasainirana ndi kampani imene inandilemba, ndipo chitupa changa chokhalira kuno chinamangirira pa ntchitoyi. Dandaulo limodzi likhoza kundikweza ndege. Ketrina, mnzanga wa kumpingo amene timagawana nyumba, anati ine mtsikana wa ku Lunzu ndisalowerere milandu ya azungu ndi zidole zawo, ndiphike phala nditseke pakamwa. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndinamuimbira Joanna. Ndinamuuza kuti ndinalembedwa kupereka mankhwala ndi kusambitsa, bodza papepala panalibe. Abwere atenge makiyi n'kuwauza yekha bambo ake, apo ayi andilole ndiwabwezere.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analira pang'ono. Atatha anayamba kulamula ngati kapitawo: aikidwe matayala a chisanu, dokotala alembe kalata, ulendo uzikhala masana okhaokha, tsiku louma, ndipo pampando winawo pazikhala munthu. Anati iye mtima wake sungapirire. Popeza wotsegula pakamwa ndine, ndikhalepo ine.

Matayala ndi kalata zitatheka ndinawabwezera makiyi, ndipo tinapita Lachiwiri lapitali. A Norman ataliza injini galaja yonse inanjenjemera, ine ndinaimva m'nthiti. Silira mokalipa ngati lole. Imang'ung'udza pansipansi ngati galu wamkulu amene sanaganize zoluma. Kulowamo ndi kukhala pansi penipeni, ngati pamphasa. Mumzinda a Norman anayenda ngati akuperekeza mkwati. Titafika polowera msewu waukulu wopita ku Ayr anandiuza kuti ndiwagwirire chipewa, n'kuponda. Bambo, mpando unandigwira kumsana, mimba inatsalira ku Shawlands. Ndinakuwa mayo m'Chichewa chenicheni. Atafika pa liwiro lololedwa analekeza pomwepo, osawonjezera ngakhale pang'ono, ndipo galimoto inangoti phee ngati yaima, dziko ndilo likuyenda.

Ndipo dziko lake! Tinakwera pamtunda popanda nyumba, poyera mbee ndi chipale chofewa mbali zonse, msewu wokha wakuda ngati lamba. Pamwamba pakepo pali makina amphepo opangira magetsi, osawerengeka, aatali kuposa nsanja za foni, mapiko akuzungulira mwakachetechete. Dzuwa linali pansi ngati la m'mawa chonsecho ili thwelofu koloko. Potsetsereka tinaona nyanja yaikulu, ndi chilumba cha mapiri oyera chitaimirira pamadzi. Zaka zitatu ndakhala kuno ndikuona Scotland wa pazenera la basi ndi m'makhonde a nkhalamba. Sindinkadziwa kuti Mulungu anaika zoterezi pamtunda wosakwana ola kuchoka pakhomo.

Ndinawayang'ana a Norman. Manja amene amataya tiyi m'mawa uliwonse anali pachiwongolero osagwedera. Giya ankasintha ndi zala ziwiri, mutu atapendeketsa kumvetsera injini, monga munkachitira inu pokwera ku Mwanza. Kunyanja sitinatsike. Anazimitsa, tinadya tchipisi m'galimoto imene kale sankalolamo ngakhale madzi akumwa.

Tinabwerera dzuwa lisanalowe, galimoto itachita mbuu ndi mchere. Ndinagwada ndi paipi kutsuka pansi pake, iwo akulozera ndi ndodo. Anati ngakhale titsuke bwanji mchere wina walowa kale m'makona, ndipo pofika Malichi chitsulo chidzakhala chitalawa ndithu. Ananena akumwetulira. Bulangeti analipinda n'kuliika pashelefu, ndipo tsopano za nyengo amazimvetsera pawailesi ngati mlimi. Joanna ndinamutumizira chithunzi. Anangoyankha kuti chifukwa chiyani bambo ake sanavale sikafu. Ntchito ndikadali nayo.

Tsopano pempho langa, ndipo apa Tonny awerenge pang'onopang'ono.

Bambo, makiyi a pikapu yanu sanatayike pa ukwati wa Tisunge. Ndinatenga ine, sabata imene ndinkanyamuka, titamva za ng'ala m'maso mwanu ndi za mbuzi ija munagunda pa Matindi. Ali m'sutikesi yanga yabuluu pamwamba pa wadirobu, m'thumba lam'kati, okulungidwa m'kansalu. Masiku awiri munafufuza m'maudzu, ine ndikukuthandizani kufufuza. Mantha anga anali oona, ndipo pamsewu sindikufunabe kuti mubwerere. Koma ndinayenera kukuuzani pamaso, kuti ulendo womaliza muusankhe nokha, osati kudzauzindikira utapita kale.

Tonny aitsitse pikapuyo panjerwa, abwereke batire, apope matayala, aone mabuleki. Loweruka ana kulibe, akuyendetsereni mpaka pabwalo la mpira la kusukulu. Pamenepo musinthane mipando, muzungulire mpaka mukhute.

Ndikudziwa kuti munthu wa zaka makumi atatu pamsewu akanatha kuiliza ndi mawaya awiri mphindi imodzi isanathe. Zaka zitatu simunatero, ndipo simunandifunsepo kanthu. Mundikhululukire, Bambo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa azakhali a ku Chileka, kwa Tisunge ndi alamu anga, ndi kwa ana onse a pakhomo. Ndipo iwe Tonny, ukakhala pambalipo manja ako akhale pamaondo. Chiwongolero usachikhudze.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Ndapile