Zaka za Njinga ya Atate

Chawama, Lusaka
18 Ogasiti 2024

Okondedwa Amama,

Moni wochuluka kuchokera kuno. Kodi muli bwanji ku Sinda? Nanga bondo lija likukulolani kufika kudimba? Ife tili bwino, kungoti fumbi la mwezi uno latipatsa chifuwa nyumba yonse, ndipo magetsi akumathima tsiku lathunthu. Kalatayi ndapatsira a Winfrida oyandikana nafe, chifukwa nkhani ili m'munsiyi pafoni mukanandidula ndisanamalize.

Ntchito ikuyenda. Anthu a ndalama kuno ayamba kukonda njinga zakale, zija zolemera za mahandulo otambalala ndi chishalo chachikulu. Ena amakwera Loweruka, ena amangoimika pakhomo la malo odyera ndi kuika maluwa m'basiketi. Choncho pashedi pathu pogulitsira njinga ntchito yanga ndi kuyang'ana zaka za njinga abwana asanagule. Ogulitsa amanama ngati akufunsira mkazi. Sabata yatha wina anabwera ndi njinga yadzimbiri, kulumbira kuti agogo ake ankakwera nthawi ya atsamunda. Ndinagwira tcheni, kulawa chala, ndiye mchere wokhawokha. Anaiviika m'madzi a mchere kuti ikalambe msanga. Abwana anamufunsa ngati wabweretsa njinga kapena nsomba zouma.

Tsopano za njinga ya malemu Atate. Mlongo wanga Ottilia wandiuza kuti azakhali a Nelia, alongo awo a Atate, anabwera kuchokera ku Vubwi. Akuti pa 7 Sepitembala, tikadzatha mwambo wa chiliza cha Atate, adzatenga njinga, chifukwa inali ya amalume awo amene anaigula kumigodi ku Kabwe dziko lisanalandire ufulu. Inu mukuti ayi, inagulidwa ku Katete mu 1983 ndi thonje limene munalima awiri. Ndamvanso kuti mng'ono wanga Kelvin akufuna kupala nambala ndi kuipaka penti wobiriwira kuti asaizindikire.

Ndinapempha Ottilia kuti aitsuke ndi kunditumizira zithunzi. Ndinaziyang'ana monga ndimayang'anira njinga ya mlendo.

Maonekedwe okha sanena kanthu, Amama, poti njinga zoumbidwa choncho akupangabe mpaka lero. Ndinayamba ndi habu, kachitsulo ka pakati pa wilo lakumbuyo, chifukwa mahabu ena amawadinda chaka. Pamenepo palembedwa 82. Mtima wanga unakondwa, ndinati Amama akunena zoona. Mabuleki, mapedalo ndi madigadi nazonso ndi za zaka zomwezo.

Koma wilo limasinthidwa. Chimene sichisinthidwa ndi felemu. Pansi, pamene pamazungulira mapedalo, pali kabowo kothirira mafuta kokhala ndi kachivindikiro. Pa njinga zonse zimene zadutsa m'manja mwanga, kabowo kotero ndimakapeza pa zakale zenizeni zokha. Kutsogolo kuli timabowo titatu pomwe panakhomedwa chizindikiro chamkuwa, osati chomata. Ottilia atakanda mkati mwa foloko yogwira wilo lakutsogolo, pansi pa penti wakuda panatuluka wina wofiirira.

Kenaka ndinakumbukira sipanala ija Atate ankaimangirira ndi mphira pansi pa chishalo. Mukukumbukira momwe ankaikanizira? Ngakhale abusa anabwerera chimanjamanja. Ife tinkati ndi umbombo, inu munkati sipanalayo ndi mkazi wawo wachiwiri. Chifukwa chake ndachidziwira kuno. Bawuti yogwira chishalo ndi ya muyeso wakale wa ku Mangalande, ndipo masipanala a masiku ano amangoterereka. Ikanatayika, m'mudzi monse simukanapezeka ina.

Chaka chenicheni sindingachitchule, ndingakunamizeni. Koma felemu imeneyo inapangidwa 1960 isanakwane. Azakhali sakunama.

Inunso simukunama. Ine ndikuona kuti mu 1983 Atate anakatenga felemu ya amalume awo, yomwe inangokhala yopanda mawilo, ndi kupita nayo ku Katete. Thonje lanu linagula zonse zotsalazo pamodzi ndi penti. Inu munaona njinga yonyezimira ikulowa pakhomo, ndipo kwa inu inalidi yatsopano.

Ndikudziwa kuti si yankho limene mumayembekezera kwa mwana wanu. Ndinalakalaka kabowo kaja kakanapanda kukhalapo.

Lachinayi ndinaimbira azakhali ndi kuwafotokozera zomwezi. Poyamba anandikalipira, amvekere ine mwana wa dzulodzulo ndayamba liti kuwerenga mano a njinga ngati ng'ombe. Kenaka anati matayala sakuwafuna, miyendo ali nayo yawo. Anati amalume awo anapita, mchimwene wawo anakakalambira kuchikamwini ndipo wagona komweko ku Sinda, tsono ku Vubwi kulibe ngakhale chipewa chake choti munthu aloze. Ndikhulupirireni, Amama. Si mtima wolanda ayi.

Pempho langa ndi limodzi. Muletseni Kelvin, asakhudze njingayo ndi tupa kapena penti, ndipo mulole felemu ipite ku Vubwi pamodzi ndi sipanala yake, poti kwina ilibe ntchito. Simudzayenda pansi. Ndapeza kale felemu ina yolimba ya msinkhu womwewo, yakudanso, ndipo ndidzafika nayo pa basi pa 5 Sepitembala. Mawilo, mahandulo, chishalo ndi belu ndidzasamutsa ndekha pansi pa mtengo wa mango, inu mukuona.

Chithunzi chomaliza chimene Ottilia anatumiza ndi cha kaliyala. Imeneyo sinachokere kufakitale iliyonse. Ndi ija Atate anakawotcheretsa ku Katete mu 1988, yotambalala ngati mpando, kuti azikutengerani kusikelo muli ndi pakati pa ine. Munkatiuza kuti pachitunda chilichonse ankatsika ndi kukankha, inu muli pompo ngati mfumukazi, kwinaku akudandaula kuti mwana ameneyu adzabadwa atavala nsapato. Thabwa lake lidakalipo, ndipo pakati pake panasalala chifukwa cha inu. Nditawauza azakhali za kaliyalayo anaseka, anati ameneyo ndi mpando wa alamu awo, iwo sangaukhalire.

Mundiperekere moni kwa amalume anga ndi akazi awo, kwa Ottilia ndi alamu, ndiponso kwa Kelvin, mumuuze kuti sindinakwiye naye. Apongozi anu ndi adzukulu anu akupereka moni, akufunsanso ngati mtedza wa chaka chino watsalako.

Lamlungu lotsatira chiliza mudzavale chitenje chanu chabwino. Ndidzakukwezani pa kaliyala yomweyo kupita kutchalitchi, ndipo pachitunda ndidzatsika.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Mathews