Apongozi akugona ndi chikhoti, ife tikutuluka thukuta

Aphungu,

Apongozi anga, amayi awo a amuna anga a Réjean, anasamukira kwathu chipale chofewa chitangoyamba kugwa. Ndinawakonzera chipinda chakumapeto. Ndinaikamo makatani atsopano ofika pansi, bedi n'kuligunditsa kukhoma kuti mpando wawo upeze malo.

Koma chipindacho chikuzizira zedi. Nyumba yathu imafunda ndi madzi otentha oyenda m'mapaipi a m'munsi mwa makoma. Ife pabalaza timakhala ndi malaya odula manja, iwo akugona ndi chikhoti. A Réjean akangomva amayi awo akutsokomola amathamangira kukakweza moto, mpaka batala kusungunuka patebulo.

Lamlungu tikudya, apongoziwo anati, "Mwana wanga, ngati cholinga n'choti ndisawonongeke msanga, ingondiikani mufiriji. Kumeneko chakudya chili pafupi." Tinaseka, koma dzulo ndinawamva akufunsa mwana wawo wamkazi wa ku Gaspé ngati ali ndi malo. Ndimawakonda, Aphungu, ndipo sindikufuna achoke akuganiza kuti ndinachitira dala.

L.B., Rimouski

Mayi L.B.,

Apongozi anu sakunama. Madzi amachoka kuboyila, thanki yowatenthetsera ija, ali otentha kwambiri, n'kumagawa kutenthako m'njira monse. Chipinda chomaliza chimangolandira zotsala, ndiye inu mwatchinganso zotsalazo ndi bedi ndi makatani. Sunthani bedilo, makataniwo muwafupikitse. Chotsani chivundikiro cha paipi ya m'chipindacho, muchotse fumbi pa timalata topyapyala tozungulira paipiyo, chifukwa mpweya uyenera kulowera pansi n'kutulukira pamwamba utafunda.

Kenako tcherani khutu. Mukamva madzi akuguguda m'paipi, ndiye kuti mwalowa mpweya. Thimitsani boyila, mudikire mapaipi azizireko, kenaka mutsegule pang'onopang'ono kavalavu, kampopi kotulutsira mpweya kakumapeto kwa paipi ya m'chipindacho, mutatchera kapu. Kakasiya kulira n'kuyamba kudontha madzi, tsekani. Kapuyo agwire apongozi anuwo, aone ndi maso awo kuti mukulimbana nazo.

Pabalaza tsekani pang'ono tizitseko tapamwamba pa zivundikiro za mapaipi, kuti madzi apitirire akadali otentha. Amuna anu muwauze kuti dzanja lipume kaye, kukweza moto kukungokuphikani inu. Zikakanika, itanani mmisiri adzasinthe kagawidwe ka madzi pa mavalavu.

Koma samalani, musatsekeretu madzi opita kuchipinda chilichonse ngakhale chitatentha bwanji. Paipi ikauma ndi chisanu n'kuphulika mu Januwale, nonse mudzazizidwa mofanana ndithu, mutaima m'madzi.