Yasasa

LAMULUNGU

Lucious 15:12
achemwali poto wa Joan uli kwa inu?

Tusekele 15:40
eya ndatsuka kale. mudzatenga mukadzabweranso kuno ku south bend

Lucious 15:41
mwatsuka. nanga nyama ija yapita kuti

Tusekele 15:58
iwe Lu usandiyambe, ndatopa ndi phwando ladzulo

Lucious 15:59
mkazi wanga Joan anagona pa nyama ya adobo ija kuyambira friday. tinanyamula kuchokera kwathu ku indy kuti anthu a ku church alawe. pa table sindinaione

Tusekele 16:03
mai Chawezi a ku church atavundukula anati yasasa. inenso ndinanunkhiza, fungo lake ngati ndiwo zogona. umafuna tidyetse abusa? ndinataya

Lucious 16:04
ndi vinegar!! imaphikidwa choncho. kwawo ku philippines mlendo amamulandira ndi imeneyo

Tusekele 16:05
kwawoko. kuno ndi kwathu

Lucious 16:05
ku indiana, ku america kuno? kwanu?

Lucious 16:19
mgalimoto anandifunsa kt yasasa ndi chani, anamva azimayi akunong'onezana. ndinamuuza kt ndiye kuti yakoma mpaka yatha. musandiulule plz

LOLEMBA

Tusekele 09:26
Lu waona zimene walemba mkazi wako pa group ya amayi?

Tusekele 09:26
"Zikomo amayi nonse! Ndakondwa adobo yanga yasasa. Christmas ndiphika yambiri, yosasa kwambiri"

Tusekele 09:27
anthu angodzaza ma kkkk. mai Chawezi ayankha kt amen

Lucious 10:02
wina wamuuza?

Tusekele 10:03
ayi

Lucious 10:04
azimayi onsewo. ma nurse, a kwaya, a mapemphero a friday. palibe ndi mmodzi yemwe. inuyo mwasekanso eti

Tusekele 10:06
wamunamiza ndiwe, usandikankhire ine

Lucious 10:15
mukudziwa mai ake ku batangas amamunena chani? akuti adobo yake yasanduka ya chimereka, soy sauce thoo, siwawasa ngati yakwawo. kwawo akuti siyowawasa, kuno akuti yasasa. dzulo anawaimbira ali nyadu nyadu kt alamu ake ayikonda

Lucious 10:16
chichewa chimenecho amaphunzirira inu achemwali. zandiwawa

Tusekele 12:48
ndimuuze ine?

Lucious 12:55
musiyeni. ndimuuza ndikaweruka

Tusekele 12:56
ndadeleta kkkk wanga

Lucious 12:56
mwachita zazikulu

Tusekele 18:30
wamuuza?

LACHIWIRI

Tusekele 07:14
Lu

Lucious 08:02
sanandidikire. anafunsa Bongani uja amagwira naye ward imodzi. wamuuza zonse ndithu, mpaka za ndiwo zogona. chibwerere sakundilankhula

Tusekele 08:05
mayo ine. mpatse foni

Tusekele 08:07
[uthenga wa mawu 1:36]

Tusekele 08:31
wamvera?

Lucious 08:44
Alamu, ndi Joan. Foni ya Lucious. Ndadziwa yasasa tsopano. Word yabwino, sindidzaiwala. Poto musunge.

Tusekele 08:45
alamu pepani chonde. ndibweretsa ndekha loweruka, mudzandiphunzitse kaphikidwe kake

Tusekele 09:20
alamu Joan

Tusekele 11:03
Lu, watuluka pa group